Nambala ya Achimwene

Kumgodi,
9 Sepitembala.

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo chifuwa chija chikukupatsaniko mpata wogona. Achemwali anandiuza kuti mankhwala mumamwa akakuimirirani pamutu, akangotembenuka mumabisa pansi pa pilo. Musatero bambo, mankhwalawo akudula koopsa masiku ano, ndipo pilo sadwala chifuwa. Ine kuno ndili bwino, thupi lonse lili m'malo mwake.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitimvana. Makutu anu anadyedwa ndi makina a pansi, ndiye ine ndimakuwa, inu mumakuwa, achemwali n'kulanda foni kuti amasulire, n'kumasulira zawo. Nkhani iyi sindikufuna womasulira. Ndikudziwanso kuti mbiri yafika kale kumeneko, pakuti nkhani yoipa imakwera basi yoyamba. Mwamva kuti nambala ya achimwene ndaichotsa pa bolodi. N'zoona. Ndaichotsa ndi dzanja langa, dzuwa likuswa mtengo, mutu uli bwinobwino, ndipo palibe anandituma. Sindikulemba kuti ndipepese. Ndikufuna mumve kwa mwini wake mmene zinakhalira, kuti mukamakwiya muzidziwa chimene mukukwiyira.

Muyambe mwadziwa kuti tauni munaisiya ija kulibenso. Chitsekereni mgodi sitima ya malasha sinadutsenso, ndipo panjanji pamera udzu woti mbuzi za eni ake zikunenepa nawo. Mukukumbukira mmene malemu mayi ankadandaulira kuti zovala zikuda ndi fumbi zisanaume? Tsopano nsalu yoyera imauma ili yoyera, kungoti oyanika nsalu yoyera ndi amene achepa. Banki inasamuka, mabala ambiri a mowa anatseka, ndipo wogulitsa nyama uja amatha tsiku akuthamangitsa ntchentche pa mwendo umodzi womwewo. Kumzere kwathu nyumba zambiri zakhomedwa matabwa m'mawindo.

Pawailesi akuluakulu a boma amatifotokozera mofatsa ngati tili m'kalasi. Akuti mayiko amene ankagula malasha athu asiya chifukwa utsi ukutenthetsa dziko, ndiye ndalama zakunja zimene malasha ankabweretsa zauma. Akuti n'chifukwa chake ndalama yathu yapepuka, ndipo chilichonse chochokera kunja chakwera, kuyambira mankhwala anuwo mpaka ulusi ndi singano zanga. Aphunzitsi ndi manesi akulandira mochedwa chifukwa msonkho wa malasha ndiwo unkawalipira. Kenako amati tipirire, kutsogolo dziko lidzasiya kutaya chuma pogula dizilo, ndipo mafakitale adzabwera kutsatira magetsi otchipa. Mwina akunena zoona. Ine zoti dziko likutentha sindikutsutsa, mvula ndikuiona ndekha mmene yasokonekera. Koma tsogolo akunenalo akulimanga kudoko, kumene aikako fakitale ya mabatire. Ife amene tinayatsa dzikoli kwa zaka zonsezi atisiyira dzenje.

Kuseri kwa chulu cha miyala ya mgodi chija ayalako magalasi a sola, munda wonse, mpaka maso kuwawa. Pomanga analemba anthu ambiri, tinavina. Atamaliza anangosunga alonda ndi otsuka magalasi, anthu oti angakwane m'minibasi imodzi mipando n'kutsalako. Magetsi ndiye sakuthimanso, pamenepo ndisaname. Makina anga osokera akhoza kuthamanga tsiku lonse, koma ndisoke chiyani? Maovolosi a anthu a mumgodi ndiwo ankandidyetsa. Kale ndinkalira magetsi nsalu zili mulu, lero magetsi ali mbwee ine ndikusoka zigamba pa zigamba.

Lamulo la bolodi munandiphunzitsa ndinu, ndili kamwana, mutandinyamula kuti ndione misomali. Munati wolowa pansi aliyense amakoloweka kachitsulo ka nambala yake pa bolodi m'chipinda cha nyali, akatuluka n'kukachotsa, ndipo mgodi sutsekedwa bolodi lisanayere. Munatinso munthu akatsalira pansi, nambala yake saikhudza bwana kapena wapolisi, amaichotsa ndi wamagazi ake yekha. Denga litawagwera achimwene, inu ndi anzanu n'kukumba mpaka manja kutuluka magazi koma osawapeza, nambala yawo inatsala pamsomali. Tsiku limene munkasamukira kwa achemwali munaima patsogolo pake nthawi yaitali, n'kundiuza kuti mwana wanu akadali pa shifiti. Sindinaiwale. Ndinkapita kukaipukuta fumbi ngati mmene ena amalimira pamanda, pakuti manda enieni tinalibe.

Ndiye chaka chino kunabwera kampani yotumidwa ndi boma kuti itseke makomo onse a mgodi ndi simenti, pamwamba pake ayalepo magalasi ena. Pofuna kuoneka achifundo analemba ntchito anthu akuno, anzanu akale omwe aja. Apo ndi pamene anaphonya. Amuna aja atalowa m'chipinda cha nyali n'kuona nambala ili lende, anakhala pansi, mafosholo pambali. Anati simenti sathira pamwamba pa munthu amene sanatuluke. Kampani inabweretsa anthu ena ochokera kutali, koma akazi tinakhala pamsewu malole osadutsa. Boma linaopa kutimenya, chifukwa azungu obwereketsa ndalama za sola ankabwera ndi makamera awo, komanso ndalama zotsalazo akuti sangapereke mgodi usanatsekedwe.

Amene anaona msanga kuti tagwira boma pakhosi ndi mnzanu uja a Nyali, amene ankagawa nyali pachipata. Panopa ndi wapampando wa komiti ya anthu ochotsedwa ntchito. Anauza boma kuti nambala sichoka mpaka litamanga kuno sukulu yophunzitsa ntchito za magetsi atsopanowa, ndi kubweretsa ngakhale kafakitale kamodzi. Ndinanyadira, bambo. Nsalu zonse zimene tinkanyamula pamsewu ndinasoka ndine, ulere. Mayi injiniya wa kampaniyo anabwera kunyumba mwaulemu, anavula nsapato pakhomo, kudzandipempha kuti ndichotse nambala ngati wamagazi yekhayo amene watsala kuno. Ndinamupatsa madzi akumwa n'kumuonetsa njira yobwerera. Atabweranso madziwo sindinamupatse.

Tsopano ndifike pa mdzukulu wanu, amene inu munamutcha Kapitawo chifukwa cholamula nyumba yonse asanamere mano. Ndevu zamera, msinkhu wakupitirirani, koma ntchito palibe. Anakula akudziwa kuti adzalowa mumgodi ngati agogo ake ndi amalume ake, ndipo atangokwana zaka zoyamba ntchito mgodiwo unatsekedwa pamphuno pake. Kudoko anatumizako makalata, sanamuyankhe. Kwa a sola anamuuza kuti otsuka magalasi akwana. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana njanji, ine mtima n'kumandipweteka.

Kenako kunayamba kubwera malole a owotcha njerwa, kufuna malasha otchipa. Anyamata anathyola waya wa kukhomo lotsetsereka lija, lolowera pansi ndi miyendo, n'kuyamba kukumba okha. Inu mukudziwa kuposa ine tanthauzo lake. Mapampu anazimitsidwa, makina okupiza mpweya anazimitsidwa, mitengo yochirikiza denga yaola ndi chinyezi. Kapitawo anayamba kubwera madzulo ali bii, maso okha, atanyamula thumba la sopo ndi shuga. Ndinamulangiza, ndinamukalipira, ndinamugwadira. Anandifunsa ngati ndikufuna tizidya magalasi a sola. Nsapato ndinamubisira, anapita ndi patapata. A Nyali ankaona zonsezi n'kuyang'ana kumbali, ndipo ena mwa anyamatawo ankawabwereketsa nyali zakale, ati ana asafe ndi njala.

Lachinayi lina m'mawa ndili kumsika kugula zipi, kunamveka kuti mpweya woipa wagwira anthu pansi. Zipi ndinazitaya pomwepo. Bambo, miyendo yanga sinandifunse, inanditengera kuchipinda cha nyali, monga mmene mayi ankathamangira belu likalira, monga mkazi aliyense wobadwira pamgodi amachitira. Sindinali ndekha, tinakumanako akazi ambiri, tikukankhana pakhomo, aliyense akufuna aone ngati nambala ya mwana wake ili pamsomali. Titalowa tinangoima kukamwa yasa. Bolodi lonse lija linali ndi nambala imodzi, ya achimwene. Tinaiwala kuti ana athuwa alibe nambala. Si antchito a munthu aliyense, palibe amawalemba polowa, palibe amawawerenga potuluka.

Ndinafunsa a Nyali kuti alowa angati, anati sakudziwa. Anayesa kuwerenga nyali zimene anabwereketsa, koma ena amalowa ndi tochi ya pafoni. Amuna otsikira pansi kukapulumutsa sankadziwa kuti akufuna anthu angati, kapena kuti asiye liti kufunafuna. Ndinathamangira kunyumba mwina mwana ali pakhonde, kulibe. Ndinathamangira kubwalo la mpira, kulibe. Ndinabwerera kukhomo la mgodi n'kukhala pa dothi, kuyang'ana mdima uja ukulavula mmodzimmodzi. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, wanga osaoneka. Pa tsiku limenelo ndinakalamba.

Kapitawo anatuluka womaliza, atabereka mnzake kumsana, mwana wa mayi wogulitsa buledi uja wa pakona. Atamutsitsa, iye anagwada n'kusanza mpaka ndulu. Mnzakeyo anali atapita kale. Ndinamugwira Kapitawo kumaso ndi manja onse awiri, pambali panga mayi wa buledi akugubuduka pansi. Ndinachita manyazi ndi chimwemwe changa, koma chimwemwecho chinalipo, sindingabise.

Ndinkaganiza kuti maliro aja awaopseza. Sabata isanathe malole a njerwa anabweranso, ndipo anyamata analowanso, wanga ali kutsogolo. Njala ilibe chikumbumtima, bambo, ndipo mnyamata amene wapulumuka kamodzi amayesa kuti imfa inamuiwala. Ndi pamene ndinakuimbirani foni ija. Ndinayesa kufotokoza kuti nambala ikachoka mgodi autseka, ana osalowanso, inu mukutsokomola, kenako achemwali anandipatsa yankho lanu loti nambala isachoke, mnyamatayo ndimulangize. Ndinaseka ndekha m'nyumba ngati wamisala. Ndimulangize ndi chiyani chimene sindinayese? Inu munakwanitsa kuwalangiza achimwene pamene mayi ankalira kuti asalowe mumgodi?

Ndinapitabe kukomiti, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndinawapempha kuti ngati nambala ikhale, amuna azilondera khomo lotsetserekalo, kapena aliwotcherere chitsulo. Anati chitsulo anyamata amadula, ndipo kulondera sangathe chifukwa ana omwewo ndi amene akudyetsa makomo awo. Kenako a Nyali anaimirira kutilimbitsa mtima. Anati boma latsala pang'ono kugonja, tingopirira miyezi ingapo, ndipo maliro aja atiwonjezera mphamvu pokambirana. Anthu anawomba m'manja. Mayi wa buledi anali pabenchi yakumbuyo, mpango wakuda kumutu. Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana pansi. A Nyali si munthu woipa, mukuwadziwa, ndipo sindikukhulupirira kuti anamva zimene pakamwa pawo pananena. Koma ine ndinamva. Ndinadzifunsa kuti maliro otsatira owonjezera mphamvuwo adzatuluka m'nyumba ya yani.

Lolemba masana ndinasamba, ndinavala diresi langa labwino, n'kuyenda pakati pa msewu kuti aliyense andione. A Nyali anali pampando wawo pakhomo la chipinda cha nyali. Atangoona nkhope yanga anadziwa, ndipo anaimirira n'kudzaza khomo lonse.

"Amake Kapitawo, bambo ako akudziwa zimenezi?"

"Akudziwa kuti anakana."

"Nanga ukufuna kutani? Boma lagwada kale bondo limodzi. Ukachotsa kachitsulo aka, tauni yonse itsala manja lende. Sukulu ija sitidzaionanso."

"Ndiuzeni kaye, panopa mwana wanga ali pansi kapena ali kunja?"

Anayang'ana cha kuchulu.

"Sindikudziwa, mwana wanga."

"Inu a Nyali, amene munkadziwa munthu aliyense wolowa ndi wotuluka, lero simukudziwa. Mukulondera wakufa, amoyo alibe wowawerenga. Ndipatseni njira."

Akanatha kundikankha, mphamvu akadali nazo. Koma lamulo loti nambala ndi ya wamagazi analisunga ndi iwo omwe moyo wawo wonse, ndiye sakanalithyola pamaso pa anthu amene anali atayamba kusonkhana. Anapatuka. Ndinalowa. Kachitsulo kaja kanali katagwirana ndi msomali chifukwa cha dzimbiri, moti ndinachita kukapotokola ndi sizasi yanga. Katagwera m'dzanja langa ndinati, "Achimwene, shifiti yatha, tulukani tizipita kunyumba." Ndinalira, bambo, ndinalira kuposa tsiku limene denga linagwa, chifukwa tsiku lija tinali ndi chiyembekezo. Koma sindinaganizeko zokabwezera pamsomali.

Chimene chinachitika mawa lake ndikufuna muchimve bwino, chifukwa ndikudziwa kuti okuuzani nkhani achidumpha. Anzanu akale aja sanathire simenti mwachisawawa. Anabwera m'mawa atavala zipewa zawo zakale, aliyense anatulutsa nambala yake imene anaisunga kunyumba, n'kukoloweka pa bolodi monga kale. Anatsikira pansi ndi zingwe, njira ndi njira, akuitana, mpaka anatulutsa mnyamata aliyense amene anali mkati, ena powakoka makutu. Atatuluka anachotsa nambala zawo mmodzimmodzi. Bolodi linayera, misomali yokhayokha. A Nyali analiyang'ana, anavula chipewa, n'kunena okha kuti onse atuluka. Pamenepo m'pamene lole ya simenti inabwerera chammbuyo kufika pakhomo. Mayi injiniya anabwera kuti andigwire chanza, ine manja ndinapinda. Ndinamuuza kuti sindinachitire iye kapena boma lake, ndipo asadzayerekeze kutchula dzina langa pawailesi.

Kapitawo anali m'gulu la otulutsidwawo. Anaima patsogolo panga ali bii, thumba la malasha likadali paphewa. Analiponya pamapazi anga.

"Amayi, mwagulitsa amalume, mwagulitsanso ife. Tsopano mudye simentiyo."

"Ndidya, iwe uli pompano ukundionerera."

Amenewo ndi mawu omaliza amene tinayankhulana.

Tsopano ndinene mbali yowawa, chifukwa munandilera kuti ndisamabise mchira wa nkhani. A Nyali sananame. Simenti itangouma, akuluakulu a boma amene ankayenera kubwera kudzakambirana za sukulu anatumiza uthenga woti atanganidwa, adzanena tsiku lina. Mpaka lero tsikulo silinabadwe. Ndalama za azungu zija zinatuluka, magalasi atsopano ayamba kale kufika, ndipo pawailesi anati mgodi watsekedwa mwamtendere mogwirizana ndi anthu a m'deralo. Ndodo imene tauni inali nayo m'manja ndaithyola ndine. Ndikudziwa zimenezo, ndipo sindigona nazo bwino. Koma ndodo imeneyo inali fupa la m'bale wanga, ndipo woilipirira anali mwana wanga. Atati andibwezere ku Lolemba lija, ndingavalenso diresi lomwelo.

Anthu ndiye andiika m'kamwa. Ena akuti kampani inandipatsa envelopu, ena akuti andilonjeza ntchito yosoka mayunifolomu a alonda. Envelopu imeneyo ikanakhalapo bwenzi denga langa likudonthabe? Akazi amene ndinakhala nawo pamsewu anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, wina mpaka anatenga diresi la dzanja limodzi. Ndinamukulungira bwinobwino, dzanja linalo ndinamuikira pamwamba. Kumsika ndikapereka moni amayankha tomato. Mayi wa buledi yekha ndi amene amandisungira buledi pansi pa tebulo, osanena kanthu, ine n'kulipira osanena kanthu.

Kukomiti sindinasiye kupita, ndipo sindisiya. Ndimakhala pabenchi yakutsogolo, iwo amasuntha, ine ndimatambasula miyendo poti malo achuluka. Sabata yatha ndinaimirira n'kuwauza kuti nkhondo ya sukulu sinathe, kungoti tiimenye ndi miyendo yathu ife amoyo. Magalasi atsopanowo adutsa pamsewu womwe uja tinakhalapo, ndipo matako athu sanathe. Ngati dziko lasankha kusiya malasha, lisiye, koma lisatisiye ife pamodzi ndi malashawo ngati kuti nafenso ndife utsi. Palibe anawomba m'manja. Koma potuluka a Nyali anandifunsa, akuyang'ana kumbali, ngati makina anga angasokebe nsalu zonyamula pamsewu. Ndinawauza kuti magetsi alipo tsiku lonse.

Nambala ili m'kabati ka makina anga, pamodzi ndi singano. Sinditumiza pa positi, ingasowe m'njira ngati mmene zinasowera nsapato ndinakutumizirani zija. Ndi yanu, ndidzakupatsani pamanja, ndipo mudzanene nokha kumene tikaiike kuti achimwene akhale ndi malo oti tizikawaona padzuwa.

Bambo, inu munataya mwana pansi pa nthaka. Kulemera kwake mukukudziwa, mwakusenza mpaka msana wapindika. Musandipemphe kuti inenso ndikuphunzire. Ngati mwaganiza zondikwiyira, kwiyani, mkwiyo wanu ndinakula nawo ndipo sunandiphe. Koma ndili ndi mapempho awiri, ndipo pa amenewa ndikugwada. Loyamba, muwauze alamu afunse kwa anzawo akudoko ngati kufakitale ya mabatire kungapezeke malo, ngakhale osesa. Mnyamatayu ndi wamphamvu ndipo mutu umagwira. Lachiwiri, mumulembere Kapitawo inuyo, ndi dzanja lanu. Ine sandimvera, koma mawu anu amawasunga. Ndamva kuti anzake akukambirana zokumba dzenje lawo kuseri kwa chulu, kumene kulibe simenti. Simukuyenera kundiikira kumbuyo. Munene kuti amayi ake ndi ouma mutu, ndi osamva, anaphwanya mawu a bambo awo, zonsezo ndi zoona. Koma mumuuze kuti pansi asalowenso. Mumuuze ngati munthu amene anakumba kufuna mwana wake osamupeza.

Mundiperekere moni kwa achemwali, muwauze kuti kalatayi akuwerengereni yonse osadumpha, ndipo ngati ali ndi mawu awo adikire mumalize kumva anga. Moni kwa alamu ndi ana onse. A Nyali akuti ndikupatseni moni, ananena okha ndisanawafunse, ndipo anawonjezera kuti muli ndi mwana wovuta. Mayi wa buledi akupereka moni. Anzanu amene anatsikira pansi tsiku lija akuti mukanakhalapo mukanatsogolera ndinu.

Moni wa Kapitawo sindilemba, chifukwa sanandipatse ndipo sindikufuna kukunamizani. Sakundiyankhula. Chakudya ndikamuikira amadya atandifulatira, mbale n'kusiya pakhomo ngati mlendo. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde, akuwongola mkombero wa njinga ndi hamala, akumenya mwaukali kuti ndimve kuti wakwiya. Mutu ukundiwawa nalo phokosolo, ndipo zilembo zina zapindika chifukwa cha iye. Sindimuletsa. Amenye mpaka dzuwa lilowe, ine ndikhala pano kumvetsera.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Amake Kapitawo.